MLANDU WA MFUMU NDI MLANDU WA ANTHU ACE

Werengani 1 Mafumu 21.

Mwezi uno tadza kwa inu ndi funso lolemera, limene lasautsa mitima ya Akristu m'maiko ambiri. Funsolo ndi ili: Boma likasanduka lankhanza, ndi kuyamba kulanda, kumanga ndi kupha anthu osapalamula kanthu, kodi mlanduwo uli pa olamulira okha, kapena ugweranso anthu wamba a m'dzikomo, ndiwo alimi, aphunzitsi, alembi, amisiri ndi amai a pamtondo? Ndipo ngati uwagwera, uwagwera kufikira pati?

Pali mayankho awiri amene afulumira kuturuka m'kamwa mwa anthu. Ena ati, Ife ndife anthu acabe. Zocita mfumu nza mfumu, ife tiribemo. Ena ati, Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mtundu umene unabala mfumu yoipa uli woipa wonse, ulangidwe pamodzi ndi makanda omwe. Mayankho onse awiri akoma kuwanena, popeza loyambalo litsuka ife, ndi laciwirilo lidetsa anzathu. Koma Mau a Mulungu sabvomereza ngakhale limodzi la iwo. Cifukwa cace tiyeni tione poyamba cimene cinacitika ku Yezreeli masiku a mfumu Ahabu, ndipo pambuyo pace tidzaona cimene cinacitika ku Germany kuyambira 1933 kufikira 1945. Nkhani ziwirizi zitalikirana ndi zaka zoposa 2,700, koma mtima wa munthu uli womwewo.

I. MUNDA WA NABOTI

Naboti anali munthu wamba, wokhala nao munda wa mpesa pafupi ndi nyumba ya mfumu. Ahabu anaukhumba mundawo kuti abzalemo ndiwo zamasamba, namlonjeza munda wina woposa, kapena ndalama. Koma Naboti anakana, popeza mundawo unali colowa ca makolo ace, ndipo cilamulo ca Mose sicinalola kugulitsa dziko cigulitsire. Mfumu inabwerera kwao iri ndwii, nigona pakama, nikana kudya, monga acita mwana womanidwa cinthu. Pamenepo mkazi wace Yezebeli analemba akalata m'dzina la mfumu, nawasindikiza ndi cosindikizira cace, nawatumiza kwa akuru ndi omveka a m'mudzi wa Naboti. M'akalatamo anawalamula kuti alalike kusala cakudya, akhazike Naboti poonekera, aimike anthu awiri opanda pace omnamizira kuti watukwana Mulungu ndi mfumu, ndipo potsiriza amturutse kunja kwa mudzi ndi kumponya miyala. Akuruwo anacita zonsezi, natumiza mau kwa Yezebeli kuti nchito yatha. Ndipo pa 2 Mafumu 9 timva kuti mwazi wa ana a Naboti unakhetsedwa pamodzi ndi wa atate wao.

Tsono tawerengani manja amene anagwirapo pa imfa imeneyi. Ahabu sanatola mwala. Anali gone m'nyumba. Yezebeli sanatola mwala; iye anangolemba. Kalata sayenda yekha, cotero panali wonyamula. Panali akuru aja, okhala mudzi umodzi ndi Naboti, amene anawerenga ndi maso ao kuti mlanduwo unali wopeka. Panali mboni ziwiri zimene zinabwereketsa lilime. Panali khamu limene linawerama ndi kutola miyala. Ndipo sitikayika kuti panalinso ena oima kumbuyo, amene ananong'onezana kuti mlandu uwu sunayende bwino, koma atatha kunong'ona anabwerera kwao kukadya.

Apa pali phunziro loyamba. Mfumu, ingakhale yoopsya cotani, iri nao manja awiri okha monga ife tonse. Ndi manja awiriwo siikhoza kulonda misewu yonse, kutseka ndende zonse, kapena kukumba manda a anthu zikwi. Nkhanza zazikuru zicitika ndi manja obwereka. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Mwambiwo timaunena pa nchito zabwino, koma uli woona pa zoipa zomwe.

Ndipo Malembo ationetsa kuti manjawo akhoza kukanizidwa. Pa 1 Samueli 22 mfumu Sauli analamula asilikari ace oima pomzinga kuti aphe ansembe a ku Nobi. Iwo anakana mfumu iri pomwepo. Sauli anayenera kufuna munthu wina, napeza Doegi wa ku Edomu, yemwe uja anayamba ndi kunenera ansembewo, ndipo iye anapha 85 tsiku limodzi. Pa Eksodo 1 anamwino awiri, Sifra ndi Puwa, anakana kupha ana amuna a Ahebri, kotero kuti Farao anatembenukira kwa anthu ace onse kuti iwo aponye anawo m'nyanja. Ndipo m'nyumba ya Ahabu yemweyo munali Obadiya, kapitao wa mfumu, amene anabisa aneneri 100 m'mapanga, nawadyetsa mkate ndi madzi. Onsewa anali pansi pa mfumu yankhanza. Ena anapereka manja, ena anawabweza.

II. ZIMENE ZINACITIKA KU GERMANY

Germany silinali dziko la anthu osamva za Mulungu. Ndilo dziko la Martin Luther, lodzala ndi nyumba za Mulungu ndi masukulu akuru, ndipo pafupifupi anthu onse anali obatizidwa. Adolf Hitler sanalanda dzikolo ndi nkhondo. Anapatsidwa ulamuliro pa 30 January 1933, ndipo pa cisankho ca pa 5 March caka comweco anthu oposa 17,000,000, ndiwo 44 mwa 100 ali onse osankha, anaima ndi cipani cace. Ambiri anatero cifukwa ca umphawi, kusowa nchito, ndi manyazi a kugonja pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Koma Hitler sanabisa udani wace pa Ayuda. Anaulemba m'buku, naupfuula pa misonkhano.

Coipaco cinakula pang'ono pang'ono. Pa 1 April 1933 anthu anauzidwa kuti asagule m'masitolo a Ayuda. M'caka ca 1935 malamulo a ku Nuremberg anacotsera Ayuda ufulu wa mbadwa, nawaletsa kukwatirana ndi Ajeremani ena. Usiku wa pa 9 November 1938 masunagoge mazana ambiri anatenthedwa, masitolo anaswedwa, ndi amuna monga 30,000 anatengedwa kunka nao ku misasa ya ukaidi. Izi sizinacitika m'thengo ai, koma m'miseu, anthu alikupenya. Ozimitsa moto anafika, koma nchito yao inali kucinjiriza nyumba zoyandikana, ndi kuleka sunagoge apsye. Pofika 1945 Ayuda monga 6,000,000 a m'maiko a ku Europe anali ataphedwa, pamodzi ndi anthu ena ambiri.

Kodi munthu mmodzi akhoza kupha 6,000,000? Tawerenganinso manja. Panali alembi a m'maofesi olemba maina ndi manambala a nyumba. Panali anchito a njanji okonza nthawi za sitima zonyamula anthuwo, ndi kuwerengera mtengo wa ulendo monga wa ulendo wina uli wonse. Panali aphunzitsi ophunzitsa ana kunyoza. Panali anansi okanenera anzao kwa apolisi acinsinsi, pakuti apolisiwo anali ocepa, ndipo milandu yambiri inayamba ndi munthu wamba wodza yekha ndi nkhani. Panali ogula mipando, mbale ndi zobvala za otengedwawo pamene boma linazigulitsa poyera. Ndipo, cimene citiwawa koposa, panali abusa otsegula mabuku a ubatizo ndi kulembera anthu zikalata za makolo ao, zimene boma linafuna kuti lisiyanitse Myuda ndi wosakhala Myuda.

Tamvani nkhani imodzi. Pa 13 July 1942 gulu la apolisi monga 500, ocokera makamaka ku Hamburg, linafika pa mudzi wa Józefów m'dziko la Poland, limene Germany inalilanda pa nkhondo. Ambiri a iwo anali amuna a mabanja, opitirira msinkhu wa unyamata, amene kale anagwira nchito padooko, kuyendetsa magalimoto, ndi kulemba m'maofesi. Mkuru wao, Wilhelm Trapp, anawauza ali ndi misozi nchito imene anapatsidwa, ndiyo kuombera Ayuda a pamudzipo, akazi, ana ndi okalamba; nanenanso kuti wamkuru msinkhu ali yense woona kuti sangathe, apatuke. Anapatuka monga 12 okha. Ena anazemba nchito iri mkati, koma ambiri anapitiriza, ndipo pofika usiku anthu monga 1,500 anali atafa m'nkhalango. Opatuka aja sanaphedwa. Pofunsidwa zaka zambiri pambuyo pace, ena a oomberawo anabvomera kuti anaopa kuoneka amantha pamaso pa anzao. Taonani, abale, kucepa kwa mtengo umene munthu agulitsa nao moyo wace.

Koma analipo a Obadiya ace. Julius von Jan, mbusa wa mudzi waung'ono wa Oberlenningen, analalikira pa Yeremiya 22 pa 16 November 1938, nachula kutentha kwa masunagoge kuti ndi chimo. Atapita masiku 9 khamu linampanda, ndipo anaikidwa m'ndende. Tsono boma linali kuphanso mobisa odwala misala ndi opunduka a m'zipatala, ponena kuti angodya cabe. Pofika August 1941 anali ataphedwa monga 70,000. Pa 3 August Bishopu von Galen wa ku Münster anaima m'chalichi, nachula nchitoyo dzina lace leni leni, kuti ndi kupha. Anthu analemba ulalikiwo, napatsirana mobisa m'dziko lonse, ndipo pa 24 August Hitler analamula kuti nchito ija iime. Kupha odwala sikunatha konse, pakuti kunapitirira mseri ndi njala ndi mankhwala. Komabe cinaoneka poyera kuti ngakhale boma lotere licheza khutu anthu ace akayamba kudandaula. Tsoka lace ndi lakuti mau otere sanamveka m'machalichi pamene sitima zinayamba kutenga Ayuda a m'Germany mu October caka comweco.

Ndipo panali mlimi wina wa ku Austria, dziko limene Hitler analilumikiza ku Germany m'caka ca 1938. Dzina lace Franz Jägerstätter, wa m'mudzi wa St. Radegund, munthu wa khasu monga ambiri a inu, wosamalira chalichi ca kwao. Pa cisankho ca kubvomereza kulumikizako, iye yekha m'mudzi mwace anati iai. Mu March 1943 anakana kumenyera Hitler nkhondo. Abale ace, ansembe, ndi bishopu wace yemwe anamuuza kuti akumbukire mkazi wace ndi ana ace akazi ang'ono atatu; koma iye sanakhoza kupondereza cikumbu mtima cace. Anamdula mutu pa 9 August 1943, ali ndi zaka 36.

III. MUYESO WA MULUNGU

Tsono nanga mlandu ugawika bwanji? Mulungu sayesa anthu m'nkhokwe imodzi monga cimanga. Ayesa yense payekha. Ambuye Yesu ataima pamaso pa Pilato sanamuyesa wosalakwa, koma anamuuza kuti chimo la wompereka uja liposa lace (Yohane 19). Cotero macimo ali ndi kukula kwace. Ndipo pa Luka 12 aphunzitsa kuti kapolo wodziwa cifuniro ca mbuye wace, wosacicita, adzakwapulidwa kwambiri, koma wosadziwayo pang'ono. Kotero muyeso uli ndi mafunso atatu: Unacitanji? Unadziwanji? Unali nayo mphamvu ya kucitanji?

Mlandu waukuru koposa uli pa olamula. Mneneri Eliya sanatumidwa kwa otola miyala. Anatumidwa kwa Ahabu, nampeza m'munda wolandawo, namuyesa wakupha, ngakhale dzanja lace silinakhudza mwala. Wolamula asaganize kuti manja ace ayera cifukwa ena anamcitira.

Otsatana nao ndiwo ocita: akuru oweruza mokhota, mboni zonama, onenera, ndi oombera. Mwazi uli pa iwo ndithu, pakuti popanda iwo lamulo likadakhala mau a pa pepala.

Pambuyo pao pali obvomereza ndi opindula: oomba m'manja, ndi ogula mbale za mnansi wotengedwa. Paulo sanaponya mwala pa Stefano, anangosunga zobvala za oponyawo. Koma pa Macitidwe 22 iye mwini awerengera cimeneco pakati pa zolakwa zace.

Pali tsono okhala cete ali odziwa. Mlandu wao ucepa poyesa ndi wa oombera, koma ulipo, ndipo ukula monga mwa malo a munthu. Kukhala cete kwa bishopu, woweruza, kapena mkuru wa asilikari kulemera koposa kukhala cete kwa mkazi wamasiye wopanda womumvera.

Ndipo potsiriza pali opanda mlandu konse: makanda ndi ana, okana aja, osadziwa zoona, ndi iwo amene anali m'ndende za boma lomwelo.

Ngakhale bwalo la anthu linazindikira kusiyana kumeneku. Pa mlandu waukuru wa ku Nuremberg, umene unatha pa 1 October 1946, akuru 22 anaweruzidwa: 12 analamulidwa kufa, 7 kukhala m'ndende, ndi 3 anamasulidwa. Ngati anthu akhoza kusiyanitsa cotero, koposa kotani Woweruza wa dziko lonse lapansi!

IV. ZOWIRINGULA ZINAI

Wina adzati, Ndinatumidwa, ndipo wotumidwa alibe mlandu. Inde alibe mlandu wotumidwa kukanena za maliro kapena kukatenga nkhuku. Koma munthu si mpeni wosadziwa cimene udula. Mulungu anakupatsa cikumbu mtima cako, ndipo mfumu siidzaima m'malo mwako tsiku la ciweruzo. Bwalo la ku Nuremberg linatero lomwe: kumvera lamulo kukhoza kucepsa cilango, koma sikufafaniza mlandu.

Wina adzati, Sitinadziwa. Zoona, si onse anadziwa zonse za m'misasa yakupherako anthu, pakuti boma linabisa. Koma ani sanaona utsi wa sunagoge? Ani sanaona nyumba ya mnansi yotsekedwa, ndi anthu osabweranso? Pali kusadziwa kwa munthu wakhungu, ndipo pali kusadziwa kwa munthu wotsinzina dala. Miyambo 24 aticenjeza kuti tikaona anthu alikutengedwa kunka kukaphedwa, ndi kudzikanira kuti sitinadziwa, Iye woyesa mitima azindikira.

Wina adzati, Tinaopa. Tiri ndi ana. Cowiringula ici siticiseka, pakuti mantha ali eni eni, ndipo Petro yemwe anagwa nao pa moto wa m'bwalo la mkuru wa ansembe. Ife amene tikhala pamtendere tisafulumire kutsutsa munthu amene mfuti inali pakhosi pace; Ambuye adziwa mapangidwe athu. Si onse apatsidwa mphamvu ya mlimi uja wa ku St. Radegund. Koma pakati pa kufera coonadi ndi kutola mwala pali tinjira tambiri. Palibe anaphedwa cifukwa ca kusagula mpando wolanda. Apolisi 12 aja anangopatuka, nakhala ndi moyo. Kawiri kawiri cimene tichula kuopa imfa ciri kuopa kusekedwa, kapena kutaya malipiro.

Wina adzati, Kodi Paulo pa Aroma 13 satilamula kumvera maulamuliro? Atilamula ndithu, ndipo Mkristu apereka msonkho, asunga malamulo, apempherera olamulira, sakonda cipolowe. Koma pomwepo Paulo achula wolamulira kuti ndi mtumiki wa Mulungu wocitira anthu zabwino ndi kulanga ocita zoipa. Mtumiki akalamula cimene Mbuye wace waletsa, timvera Mbuyeyo, monga anacita Petro ndi atumwi pamaso pa bwalo la akuru (Macitidwe 5), ndi anzace atatu a Danieli pamaso pa Nebukadinezara. Iwo sanatenga lupanga; anangokana kugwada, nalandira zotsatira zace.

V. MTUNDU WONSE SUTSUTSIDWA

Tsono ticenjere ndi dzenje la tsidya lina. Pa Ezekieli 18 Mulungu akaniratu kuti mwana asenze mphulupulu ya atate wace. Eliya anayesa kuti watsala yekha m'Israyeli wa Ahabu, koma Mulungu anali nao 7,000 osagwadira Baala. Yona anafuna kuti Nineve wonse apsye, koma Mulungu anawerenga anthu oposa 120,000 osazindikira kanthu, nawacitira cifundo. Ku Germany komweko, akaidi oyamba a msasa wa Dachau, umene unatsegulidwa mu March 1933, anali Ajeremani otsutsana ndi Hitler.

Kumbukirani icinso: ciphunzitso cakuti mtundu wonse uli ndi mlandu cifukwa ca mwazi wace ndico ciphunzitso ca Hitler mwini. Ndipo mbeu yace inagwa pa nthaka yolimidwa kale, pakuti zaka mazana ambiri Akristu ambiri ananena kuti imfa ya Yesu iri pa Ayuda onse a mibadwo yonse, kuiwala kuti Ambuye mwini, amace, ndi atumwi ace anali Ayuda. Munthu wakuti, Anthu a mtundu uwo ali oipa onse, wayamba kale kulankhula cinenero ca wankhanza amene amtsutsa.

Koma tisiyanitse kupalamula ndi kusenza. Munthu mmodzi akatentha nyumba pa mudzi, moto sufunsa kuti wolakwa ndani. Zipsya ndi nkhokwe za osalakwa. Comweco nkhondo inabwerera kwa Ajeremani onse. Mu February 1945 anthu monga 25,000 anafa ndi mabomba ku Dresden, ndi makanda omwe. Dziko linagawika pawiri kufikira 1990. Makandawo sanapalamula, ndipo imfa yao sitiichula cilango coyenera. Koma ndi momwe zoipa za boma zigwera anthu ace. Cifukwa cace nkhani za boma si za eni ace okha. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Ndiponso wolowa nyumba ya atate wace alowa ndi mangawa omwe. M'caka ca 1952 boma la West Germany linapangana kulipira dziko la Israel ndi Ayuda opulumuka, ndipo ndalamazo zinacokera m'misonkho ya anthu onse, olakwa ndi osalakwa. Mdzukuru alibe mlandu wa mwazi, koma ali nao udindo wa kunena zoona, kubweza colandidwa, ndi kusabwereza.

Nanga Mpingo? Pa 19 October 1945 akuru a mipingo ya Ciprotestanti anasonkhana ku Stuttgart, nabvomera poyera kuti umboni wao, pemphero lao, cikhulupiriro cao ndi cikondi cao zinaperewera m'zaka zoipazo. Mmodzi wa iwo anali mbusa Martin Niemöller, amene poyamba anakondwera naye Hitler, koma pambuyo pace anatsutsana naye, nakhala m'ndende kuyambira 1937 kufikira 1945. Munthu ameneyo akadakhoza kuloza unyolo wace ndi kunena kuti, Ine ndiribemo. Koma anasankha kuima pakati pa olapa. Ajeremani ambiri anakwiya nao mauwo, ndipo mauwo anali operewera, popeza sanachula Ayuda dzina. Komabe ationetsa njira: munthu ayenera kufufuza gawo lace iye mwini, asanawerenge gawo la mnzace.

VI. NANGA IFE?

Kapena wina wowerenga mau awa pakhonde pace adzati, Izi nza maiko akutali. Ine ndiribe sitima kapena mfuti. Koma Yezreeli anali mudzi, ndi mlandu wa Naboti unali mlandu wa munda. Pali ponse pamene wamphamvu akhumba dimba la mkazi wamasiye, afuna mboni. Pali ponse pamene khamu liloza nkhalamba kuti ndi mfiti, lifuna woyamba kutola mwala ndi ena ongopenya. Wosakhoza kunena zoona pa bwalo la mudzi wace sadzazinena pamaso pa boma. Cifukwa cace tikupemphani zinthu izi.

Musabwereketse lilime lanu. Musacite umboni wonama, musanenere mnzanu kuti mukondweretse wamkuru, musalandire cokometsera mlandu.

Musadye za wozunzidwa. Munda, mbuzi, kapena nchito yolandidwa kwa mnzanu mosalungama, ingakhale yotsika mtengo, muileke.

Kanizani coipa cikali cacing'ono. M'caka ca 1933 kulowa m'sitolo ya Myuda kunafuna kulimba mtima pang'ono. M'caka ca 1943 kumbisa m'nyumba kunaika moyo pangozi. Mtengo uongoka ukali waung'ono.

Musakane nokha ngati pali abale. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Apolisi aja anaombera poopa anzao; Mpingo ukhale malo amene munthu apeza anzace omlimbitsa pa cabwino. Ndipo inu akuru a mpingo, aphunzitsi ndi mafumu, dziwani kuti mau anu amveka patali, cotero kukhala cete kwanu kumvekanso patali.

Pemphererani olamulira, kuti Mulungu awabweze ku coipa. Pemphereraninso ozunzidwa, ndi kuwachula maina, ndi kuwacezera.

Ndipo ngati alipo wina amene cikumbu mtima cace cimtsutsa kuti anagwirapo pa mlandu wotere, asabisale kumbuyo kwa mfumu kapena khamu. Mlandu suola. Koma khomo la cifundo liri lotseguka. Wosunga zobvala uja anasanduka mtumwi. Ahabu yemwe, pamene anadzicepetsa, Mulungu anamuona. Lapani, bwezani cimene cikhoza kubwezedwa monga anacita Zakeyu, ndipo pitani kwa wolakwiridwayo.

Pakuti Mpulumutsi wathu anaphedwanso ndi manja obwereka: wompereka, mboni zonama, khamu lopfuula, kazembe wosamba m'manja, asilikari omvera lamulo, ndi ophunzira othawa. Iye anadziwa gawo la yense, ndipo ali pamtanda anapempherera omkhomera. Koma Luka atiuzanso za Yosefe wa ku Arimateya, mkuru wa m'bwalo lomwelo, amene sanabvomereza uphungu wa anzace. Sanakhoza kuletsa mtanda. Komabe Mzimu Woyera anasunga dzina lace, kuti tidziwe kuti kukana kwa munthu mmodzi kuwerengedwa Kumwamba, ngakhale pansi pano kuoneke copanda pace. Ambuye atipatse maso openya, mtima wosaopa anthu koposa Mulungu, ndi manja amene wankhanza sangathe kuwabwereka. Amen.